Mayi akadinda chala pa fomu ya kafukufuku, ndiye kuti wavomera?

Nachisale wa ku Kawale: Abale, ndithandizeni. Mayi wosadziwa kuwerenga akadinda chala pa fomu yolowetsa mwana wake mu kafukufuku wa katemera, basi zatha? Nanga magazi amatenga aja amapita kuti?

Namwino wa ku Area 25: Chala chokha sichikwanira, amayi. Fomu yonse iwerengedwe m'Chichewa pamaso pa mboni yodziwa kuwerenga, yomwe si ya gulu la ochita kafukufukuwo. Mboniyo isaine, ilembe tsiku, mayi apite ndi kope lake kunyumba. Zimalakwika pa funso loti "Mwamva?" Mayi ali ndi mwana kumbuyo, kutsogolo kwake kuli munthu wa koti yoyera, angayankhenso chiyani kupatula "Eya"? M'malo mwake afunsidwe kuti, "Mukafika kunyumba mukawauza chiyani abambo ake?" Akati "mwana akulandira mankhwala abwino", sanamvetse, yambiraninso. Pa kafukufuku wa katemera wa malungo wa RTS,S, yemwe anachitikanso kuno ku Lilongwe kuyambira 2009, ana ena ankabayidwa katemera wa chiwewe m'malo mwa wa malungoyo kuti ochita kafukufuku ayerekeze magulu a anawo, ndipo makolo sankauzidwa kuti mwana wawo wagwera gulu liti. Zimenezo ndi zomwe mayi ayenera kudziwiratu asanadinde.

Wa ku labu wa ku Chinsapo: Za magazi, osamuuza mayi kuti "pang'ono chabe". Mwonetseni kabotolo kenikeniko: 5 ml ndi supuni ya tiyi imodzi, pomwe mwana wa makilo 10 ali ndi magazi pafupifupi 800 ml. Fomu itchule kuti atenga kangati, ayeza chiyani, asunga nthawi yaitali bwanji. Pa kabotolo amalembapo nambala, osati dzina. Ngati magazi akupita ku labu ya kunja, pamafunika mgwirizano wolembedwa, MTA, wovomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku. Kubisa zotere n'kumene kumadyetsa mphekesera za anamapopa, monga zija zinaphetsa anthu kum'mwera mu 2017.

Che Phiri a ku Likuni: Ndiwonjezere apa, amayi. Kafukufuku wa zaumoyo sayamba asanavomerezedwe ndi komiti ngati NHSRC kuno ku Lilongwe kapena COMREC ku Blantyre. Yang'anani chidindo chawo ndi nambala ya foni yodandaulira pa fomupo. Ndipo mayi akhoza kumuchotsa mwana tsiku lililonse osapereka chifukwa, ku sikelo n'kumapitabe ngati kale.