Filimu ya makatuni yamuliza mwana wanga, ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina

Admin ndibiseni dzina chonde. Makolo anzanga, ndithandizeni nzeru.

Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 12, ali Sitandade 7. Tinasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu Januwale chifukwa cha ntchito ya bambo ake. Loweruka lapitali ndinawaikira ana Inside Out, filimu ya Pixar ija ya 2015, kuti ine ndisite zovala mwamtendere magetsi asanathawe. Kwa amene simunaionere, ndi nkhani ya Riley, mtsikana wa zaka 11 amene banja lake lasamuka ku Minnesota kupita ku San Francisco. M'mutu mwake muli tianthu tisanu tomwe timamuyendetsa: Chimwemwe, Chisoni, Mkwiyo, Mantha ndi Kunyansidwa. Chimwemwe ndiye bwana, safuna kuti Chisoni akhudze kanthu, mpaka anamujambulira bwalo pansi n'kumuuza kuti asatulukemo.

Pali pena mayi ake a Riley amamupempha kuti azimwetulirabe pofuna kupepuza mtima wa bambo ake omwe apanikizika ndi ntchito. Kumapeto mwanayo amaba khadi ya kubanki ya mayi ake, kukwera basi yobwerera kwawo, kenako n'kutsika, kufika pakhomo n'kulira kuti wasowa kwawo. Apa ndi pamene wanga anayamba kusisima. Nditamufunsa anangoti, "Amayi, inenso ndimaseka kuti musadandaule." Analowa kuchipinda, mpaka lero sanaikhudzenso nkhaniyo.

Mtima unandilasa, chifukwa mawu a mayi a m'filimu aja ndi omwewo ndinamuuza tikupakira katundu mu lole. Bambo ake akuti ndi za azungu, iwo anasamuka kasanu ali mwana osagwetsa msozi. Ndimuyambe ndine kapena ndidikire? Komanso mwanayu akupempha filimu yachiwiri ya Inside Out, ndimulole?

Mayi wa anyamata atatu

Musamukhazike pampando ngati mlandu, atseka pakamwa. Mutengeni pophika kapena potsuka mbale, manja ali pa ntchito maso osayang'anana, mufunse za anzake a ku Zomba. Azilankhula yekha.

Bambo wa ku Ndirande

Ine ndili mbali ya bamboyo. Ana a masiku ano tikuwalera ngati mazira. Katuni basi mpaka msonkhano wa banja?

Mphunzitsi wa pulayimale

Bambo a ku Ndirande, filimuyo siinabweretse chisonicho, yangovundukula chimene chinalipo kale. Ana osamuka pakati pa chaka ndimawaona m'kalasi. Ena amakhala aulemu kwambiri, osavuta, mpaka timawayamikira, koma malikisi akutsika pang'onopang'ono. Mayi, pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake mufunse ngati ali ndi womacheza naye pa buleki. Chaka chamawa ali ndi mayeso a PSLCE, ndi bwino zimenezi zitheretu pano.

Ndiwonjezere kuti amene anapanga filimuyi, Pete Docter, anaiganiza ataona mwana wake wamkazi akusintha n'kuyamba kukhala duu pa msinkhu womwewu, ndipo anafunsira nzeru kwa akatswiri a za maganizo, Paul Ekman ndi Dacher Keltner. N'chifukwa chake imabaya penipeni.

Azakhali a ana ambiri

Za azungu zili pati apa? Kwathu pamaliro munthu akauma maso timada naye nkhawa, timati alire mtima uphwe. Nanga mwana amene wasiya anzake, sukulu yake, mwina ndi agogo ake, asalire chifukwa palibe bokosi? Ngati kwa inu akumangika, muitanireni azakhali ake kapena mayi ake aang'ono. Pali zina mwana sauza womubereka.

Mnyamata wa ku Johannesburg

Za yachiwiriyo, inatuluka mu 2024. Riley ali ndi zaka 13, akutha msinkhu, ndipo m'mutu muja mwalowa alendo anayi: Nkhawa, Kaduka, Manyazi ndi Kunyong'onyeka. Nkhawa amalanda chiwongolero n'kuthamangitsa akale aja. Mulibe zolaula. Koma chakumapeto, pa masewera a hockey, Riley amabanika, mtima kugunda kwambiri, kupuma movutikira chifukwa cha nkhawa. Ine wamkulu ndevu pepeya pamenepo ndinameza mate. Muonere naye limodzi, musamusiyire foni yekha usiku.

Mayi wa anyamata atatu

Ndipo mukaonera musamufunse kuti waphunzirapo chiyani, si Sande sukulu. Mufunseni kuti lero pa chiwongolero pakhala ndani. Anga amayankha limenelo moseka, koma amanena zoona.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse, ngakhale inu a ku Ndirande, mwalankhula ngati mwatumidwa ndi amuna anga. Dzulo tikusadzula masamba ndinamupepesa pa mawu aja a pa lole, ndinamuuzanso kuti nanenso ndimasowa Zomba, makamaka kuzizira kwa m'mawa ndi phiri lija. Anakhala chete kanthawi, kenako anapempha kuimbira mnzake wa pa benchi imodzi. Acheza mpaka mayunitsi kutha. Yachiwiriyo tionera Loweruka, ndipo bambo ake ndawauza kuti remote ikhala ndi ine. Amene mukudziwa njira yowakhazikira pansi mpaka filimu ithe osagona, ndiuzeni.