Ndalama n'zochepa, masisitimu ndi ambiri: tiyambire pati?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuntchito kwathu a IT tilipo ochepa, bajeti nayonso ndi yoperewera, koma masisitimu oti tiwateteze ali mbwee: ya malipiro, ya makasitomala, imelo, webusaiti, ndi seva ina yakale yomwe ikuyendabe pa Windows Server 2012, chikhalirecho Microsoft inasiya kuisamalira mu Okutobala 2023.

Njira imene ndikuidziwa ndi yoyeza zinthu ziwiri: mpata woti vuto lichitike, ndi kukula kwa chiwonongeko likachitika. Ndondomeko ya FIPS 199, yochokera ku NIST (bungwe la boma la America loona za miyezo), imaika masisitimu pa milingo itatu, wotsika, wapakati ndi wapamwamba, poyang'ana chinsinsi cha deta, kulondola kwake ndi kupezeka kwake. Papepala n'zomveka ndithu. Koma mkulu wa nthambi iliyonse amakakamira kuti yake ndiye yofunikitsitsa, mapeto ake zonse zimakhala pamwamba.

Chikundisowetsa tulo ndi seva yakaleyo. Oigwiritsa ntchito ndi ochepa, choncho pamndandanda imagwera pansi, komabe ili pa netiweki imodzi ndi ya malipiro. Ransomware (pulogalamu yoipa yotseka deta mpaka mulipire dipo) italowera pamenepo, ingaime pomwepo? Ine ndikuona kuti kuipatula pa netiweki n'kofunika kuposa kugula zida zatsopano, ngakhale mabwana sakumva.

Inu amene munadutsamo, kulumikizana kwa masisitimu mumakuwerengera bwanji poyeza chiopsezo? Nanga ndalama zikangokwanira chimodzi, mumayamba ndi backup (deta yokoperedwa n'kusungidwa padera) yoyesedwa kuti imabwezadi deta, kapena kutseka ziboo zachitetezo m'masisitimu? Ndipo chiopsezo chimene tachisiya dala, amasainira ndani?