Thandizeni, andibera WhatsApp ndipo muli mapasipoti a gulu lathu la maliro

Membala wobisa dzina: Abale anga a kuno ku Joni, ndipatseni nzeru, masiku awiri tulo sindinatione. Ndine mlembi wa kagulu kothandizana pa maliro, timasonkha R150 pamwezi kuti mnzathu akatisiya thupi lipite kumudzi. Udindowu anachita kundikakamiza, ndipo zaka zitatu ndaugwira popanda wondigulira ngakhale eyataimu. Aliyense polowa amanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha pasipoti, nambala ya akaunti ndi foni ya wachibale wakumudzi. Lachiwiri WhatsApp yanga inangotseka. Pofika madzulo munthu wina anali akulembera mamembala m'dzina langa kuti akaunti ya gulu yasintha. Amayi awiri atumiza kale ndalama. Wafika mpaka poimbira mayi a membala wina ku Mangochi kuti mwana wawo wamwalira, atumize ya bokosi. Gogoyo anakomoka. Tsopano apampando, amene kumisonkhano sabwera komanso ngongole ya chaka chatha sanabweze, akuuza anthu kuti ndadya ndine. Akazi awo anasiya kundilonjera kutchalitchi kalekale, nkhani ya mapoto a gulu. Wina wandiopsezanso kuti pali lamulo loti ndikhoza kumangidwa chifukwa cha mapasipotiwo. N'zoona? Ndiyambire pati?

Mkulu wa ku Turffontein: NDINANENA INE! Kaundula wa gulu amakhala m'buku lachikuto cholimba, bukulo m'sutikesi, sutikesiyo pansi pa bedi. Ife timayendetsa magulu a maliro inu musanabwere kuno, palibe anatibera. Ana a masiku ano chilichonse pa foni!

Wamakompyuta wa ku Braamfontein: Pepani achemwali. Funso limodzi kaye: SIM yanu ikugwira, ma SMS akulowa? Ngati ikugwira, lowaninso mu WhatsApp ndi nambala yanu, akutumizirani manambala 6, mukawalemba wakubayo atuluka. Akakhala kuti anaikapo PIN yake, mudikira masiku 7. Mukalowa yang'anani pa Linked devices, pamene pamaoneka zipangizo zina zolumikizidwa ku WhatsApp yanu, chotsani chilichonse chachilendo.

Mayi wa ku Yeoville: Apampando anuwo ndiye oyamba kuwafufuza. Munthu wangongole amakonda chipwirikiti. Kwathunso zinali choncho, wokuwa kwambiri ndi amene anapezeka ndi ndalama za nkhata.

Dalaivala wa katundu: Ine chaka chatha anandiimbira kuti ndi a kubanki, ndinawawerengera manambala a pa SMS ndili pamzere ku Beitbridge. Pofika ku Mwanza akaunti ili mbee, ndalama za makasitomala. Mpaka lero ndikubweza.

Mnyamata wa ku Mayfair: Ngati muli pasipoti yanga muuzeni wakubayo kuti inatha ntchito, akaikonzetse ku Immigration andithandize 😂

Mayi wa ku Yeoville: Iwe, gogo wakomoka ku Mangochi ukuseka?

Wogwira ku ofesi ya inshuwalansi: Za lamulo ndiyankheko, chifukwa kuntchito amatiphunzitsa chaka chilichonse. Dzina lake ndi POPIA, linakhazikitsidwa mu 2013, ndipo kuyambira 1 July 2021 aliyense wosunga zambiri za anthu ayenera kulitsatira. Gawo 22 likuti zinthu za anthu zikagwera m'manja olakwika, muuze eni ake komanso Information Regulator, ofesi yoyang'anira lamuloli, mwamsanga. Udindowo ndi wa gulu, ndipo woyankha woyamba ndi mtsogoleri wake, choncho apampando asathawe. Kuberedwa pakokha sikumangitsa munthu. Choipa n'kubisa.

Mkulu wa ku Turffontein: Lamulo limenelo ndi la makampani akuluakulu, musamuopseze mwanayu. Ku Experian, kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu, mu 2020 zinatuluka za anthu 24 miliyoni, anamangidwa mlembi wa maliro? Ndipo ndi liti boma la kuno linasamala za pasipoti ya Mmalawi? BUKU basi!

Wogwira ku ofesi ya inshuwalansi: Bambo, ndi ulemu wonse, lamuloli silifunsa kuti munthu ndi wa dziko liti. Limapatula zinthu monga zapakhomo ndi za iwe mwini, koma gulu losonkhetsa ndalama si pakhomo. Chindapusa chimafika R10 miliyoni, ndipo mu 2023 analipiritsa R5 miliyoni unduna wa zachilungamo womwe. Sindikunena kuti kagulu aka alipiritsidwa zotero ayi. Komanso buku lanulo likabedwa ndi sutikesi, mlandu wake ndi womwewo.

Mkulu wa ku Turffontein: Sutikesi yanga sinabedwepo. Iwe unabadwa liti kuti undiphunzitse?

Mlongo wa mapemphero: Mulungu akumenyereni nkhondo mayi. Satana amadana ndi magulu achifundo 🙏

Wamakompyuta wa ku Braamfontein: Pamene akuluakulu akukangana, wakuba akulemberabe anthu. Bwerekani foni, muimbire membala aliyense ndi mawu, aimbirenso abale awo kumudzi kuti asatumize kanthu. Amayi awiri aja apite lero kubanki yawo ndi umboni wa malipiro, mwina akaunti ya wakubayo angaitseke ndalama zisanatuluke. Koma simunandiyankhe, SIM ikugwira?

Dalaivala wa katundu: Kupolisi tumani amene mapepala ake ali bwino akatenge nambala ya mlandu. Ine a kubanki anandifunsa imeneyo.

Mkulu wa ku Turffontein: Kupolisi mukangotaya ya takisi. Itanani msonkhano, apampando aime kutsogolo, agule buku.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Apampando akana msonkhano, ati ndiyambe ndabweza za amayi awiri aja, pamene iwo ngongole yawo ili chikhalire. Achimwene a makompyuta, SIM inasiya kugwira Lachiwiri lomwelo m'mawa, foni ikungolemba kuti palibe netiweki. Ndinaigula pamsewu ndikungofika kumene, inali yolembetsa kale m'dzina la munthu wina.

Wamakompyuta wa ku Braamfontein: Eee achemwali, mukanayamba ndi zimenezi! Ndiye kuti nambala yanu aisamutsira pa SIM ina, ma SMS onse akupita kwa iyeyo, ngakhale a kubanki. Imbirani banki yanu pompano atseke. Mawa m'mawa mupite kushopu ya netiweki yanu ndi pasipoti, koma poti RICA, kalembera wa SIM, si ya dzina lanu akhoza kukana kukubwezerani nambalayo. Akaunti ya gulu inalumikizidwa ku nambala yomweyi?

Mkulu wa ku Turffontein: Buku silifuna RICA.