Filimu ya ukazitape: ndale zilowe bwanji osatopetsa oonera?

Wa ku Mbare:
Akuluakulu, gulu lathu likulemba filimu ya ukazitape yochitikira muno mu Harare. Tikufuna ikhudze unzika wa ana a anthu ochokera ku Malawi, koma isasanduke ulaliki. Tiyambire pati?

Malume a ku Mufakose:
Achimwene, nkhaniyo ikhale chinthu chimene anthu akulimbirana, osati zokamba pakamwa. Mwachitsanzo, kaundula wa ogwira ntchito m'mafamu amene zitupa zawo zinalembedwa "alien", kutanthauza mlendo. Lamulo la unzika la 2001 linatsekera ambiri kunja, malamulo aakulu a dziko a 2013 n'kubwezera unzika obadwira kuno amene kholo lawo ndi la dziko la SADC. Kazitape akamathamangitsidwa pa msika wa Mbare Musika kaundulayo ali m'manja, woonera amva yekha. Polemba filimu, tsamba limodzi ndi pafupifupi mphindi imodzi ya filimuyo. Kukambirana kukadutsa masamba atatu popanda choopsa, filimu yagona.

Achemwali a ku Highfield:
Zoona malume. Kazitape akakhala mayi, kumupatsa mfuti sikokwanira. Chisankho chosintha nkhani chikhale chake, asadikire mwamuna womupulumutsa. Mdani nayenso akhale ndi chifukwa chomveka, apo ayi aseketsa anthu.

Wojambula:
Musanaonetse pagulu, filimu idutse ku Board of Censors, bungwe la boma lounika mafilimu. Mfuti zoseweretsa mumsewu, dziwitsani apolisi kaye.