Dzina la pa taito ndi lomwelo, koma ndidziwa bwanji kuti ndi munthu yemweyo?

AmakeTaonga

Abale ndigaireniko nzeru. Pali poloti ku Chalala, ku Lusaka, yomwe ine ndi amuna anga tikufuna kugula, ndalama zake ndi za penshoni ndiye mtima uli m'mwamba. Ejenti watibweretsera fotokope ya taito, dzina lili pamenepo ndi lomwelo la bambo akugulitsawo, a Phiri, loyamba lomwe likufanana. Koma inu mukudziwa kwathu kum'mawa, a Phiri a dzina limeneli ine ndekha ndikudziwa angapo, wina kutchalitchi kwathu konkuno, ndipo nditalemba pa Facebook anatuluka mbwee, a ku Chipata, a ku Katete, ena mpaka Lilongwe. Chomwe chikundisowetsa tulo n'choti taitoyo ndi ya m'ma 1990 pomwe bambowa akuoneka kuti zaka 40 sanakwane. Akuti tipereke dipoziti sabata ino chifukwa pali wina akuifunanso. Kodi pali kumene munthu wamba ngati ine ndingakafufuze?

Mwale_waKatete

Amayi musapereke kaye ngakhale ngwee imodzi. Dzina lisiyeni, gwirani nambala ya NRC, chitupa cha unzika chomwe timati reji. Anthu awiri atha kukhala ndi dzina limodzi, mudzi umodzi, mfumu imodzi, koma reji aliyense ali ndi yake. Auzeni abwere ndi chitupa chenichenicho osati fotokope, chobiriwira chija, muone chithunzi, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu ndi boma. Nambala yake imakhala manambala 6, kenako 2, kenako 1, ndipo kwa nzika ya Zambia yomalizayo ndi 1. Chitupa munthu amatenga ali ndi zaka 16, ndiye werengani nokha, ngati anabadwa cha m'ma 1988 ndiye kuti nthawi imene taitoyo imatuluka anali akadali mwana, asanakwane ndi zaka zotengera chitupa zomwe.

Kenako kapangeni setchi ku Ministry of Lands, ku Mulungushi House pa Independence Avenue, mutenge nambala ya poloti ndi ya taito. Mumalipira kandalama n'kukupatsani pepala losonyeza mwini wake wolembedwa, komanso ngati malowo anaikidwa chikole kubanki kapena wina anaikapo caveat, chiletso choti malowo asasinthidwe dzina. Masiku ano zambiri akupangira pa ZILAS, sisitimu ya pa intaneti ya ku Lands, koma ine ndimakonda munthu apite yekha, osatuma ejenti yemweyo amene akudyapo komishoni. Mukakhala ndi loya aone mapepala a mufayilo ngati NRC ya mwini ikugwirizana ndi ya ogulitsawo.

NaZulu

Ine ndikuona ngati ndi mwana wa mwini wake ameneyo, atchulidwa dzina la atate ake. Zimenezi zinachitika pabanja la amalume anga, atamwalira mwana wawo woyamba wa dzina lomwelo anangotenga taito mu sutikesi n'kugulitsa nyumba ngati kuti iye ndiye mwini, amayi ake omupeza ndi azichemwali ake osadziwa kanthu. Wogula anali munthu wabwinobwino, anaona dzina likufanana n'kulipira, koma mlandu unamuvuta kwa zaka, ana a masiye akulira uku iyenso akulira ndalama zake. Mpaka lero nkhaniyi imandiwawa.

Afunseni mwaulemu, bambo kodi taitoyi ndi yanu kapena ya atate anu? Ngati ndi ya malemu, sikuti n'zosatheka kugula ayi, koma akuonetseni satifiketi ya imfa ndi kalata ya khoti yosonyeza kuti iwo ndiwo administrator, woyang'anira chuma cha malemu. Ndipo lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limati administrator akafuna kugulitsa katundu wa masiye ayambe walandira chilolezo cha khoti. Mukaonanenso ndi mayi wamasiye ndi ana enawo maso ndi maso, mumve pakamwa pawo kuti avomera.

Daka_Kabwata

Zonse anenazi n'zoona. Kungoonjezera, onani bwino pepalalo kuti linachokera kuti, chifukwa m'makomboni ena ngati Kanyama ndi Chawama anthu ambiri ali ndi occupancy licence ya khansolo, ya zaka 30, imeneyo mumakafufuza ku Civic Centre osati ku Lands. Ya ku Lands nthawi zambiri ndi lizi ya zaka 99. Ngati ejentiyo akuti ali ndi kampani, setchi ya ku PACRA, kolembetsera makampani, imaonetsa ngati kampaniyo inalembetsedwadi komanso madailekita ake ndi ndani.

Koma pali mbali ina imene ndikufuna muisamale asisi. Anthu akamva kuti pa ZambiaLII pali zigamulo za makhoti amathamanga kukalemba dzina, akapeza Phiri wina anamangidwa chifukwa cha kuba basi atumiza kale sikirinishoti pa gulu la WhatsApp. Pamenepo mutha kuipitsa mbiri ya munthu wosalakwa, chifukwa chigamulo chimatchula dzina ndi nkhani yake, kawirikawiri simupezamo zokutsimikizirani kuti ndi uyu wakhala patsogolo panuyu. Mnzanga wina wa dzina la Banda anatsala pang'ono kumanidwa ntchito chifukwa cha ngongole ya Banda wina yemwe sanamuonepo n'komwe, zinatheka pokhapokha atafananiza NRC ndi tsiku lobadwa. N'chifukwa chake apolisi popereka police clearance amatenga zidindo za zala, sadalira dzina. Komanso tili ndi Data Protection Act ya 2021, ndiye chitupa cha bambowa mukachiona musachiponye pano kapena pa Facebook kuti "ndani akumudziwa uyu".

AmakeTaonga

Zikomo kwambiri nonse. Ndawaimbira ejenti, poyamba amazemba koma kenako avomera kuti taito ndi ya atate awo a bambowa omwe anamwalira, ati "ndi chimodzimodzi poti dzina ndi limodzi". Ati pepala la khoti liliko kwa achimwene awo ku Chipata. Nanga pepalalo likabwera ndidziwa bwanji kuti ndi lenileni?

Mwale_waKatete

Si chimodzimodzi amayi, ejentiyo akudziwa bwino lomwe. Pepala likabwera onani khoti lomwe linapereka, nambala ya mlandu ndi chidindo, ndiye loya wanu afunse ku registry ya khoti lomwelo, ngakhale kukhale ku Chipata, basi ya ku Intercity njotchipa poyerekeza ndi penshoni yonse. Onaninso kuti dzina ndi NRC ya administrator ndi za ndani, mwina ndi achimwene awowo osati amene akukugulitsaniyu, ndiye osayina ayenera kukhala iwowo. Loya akhale wanu wosankha nokha, mutha kufunsa ku LAZ, bungwe la maloya, ngati ali ndi chilolezo cha chaka chino, ndipo ndalama zidutse kwa iye mpaka consent ya boma, chilolezo chogulitsira malowo, ituluke ndi msonkho wa ZRA wosinthira dzina ulipidwe. Za wina amene akuifuna sabata inoyo musatekeseke nazo, nayenso afunika mapepala omwewa kuti dzina lisinthe ku Lands.