Ana anga akungoloweza, ndiwakonzekeretse bwanji kuyankha majaji pa science fair?

MadamChibavi:
Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga. Ndili ndi ana atatu a Fomu 3, projekiti yawo ndi ya mabriketi a utuchi, akufuna kuonetsa kuti munthu atha kuphikira m'malo mwa makala. Projekiti ili bhobho koma pakamwa ndiye pali nkhani. Akaima kutsogolo amangolakatula ngati ndakatulo ya pa asembule, ukawadula pakati ndi funso basi ziii, kenako kuyambiranso pa good morning judges. Chizungunso chimawavuta poti kunyumba ndi Chitumbuka chokhachokha. Inu amene munapitako ndi ana ku science fair ya ku Kamuzu Academy, majaji aja amafunsa zotani?

SirPhysics_Katoto:
Madam, zomwe zili pa posita jaji amawerenga yekha, iye amafuna adziwe ngati mwanayo anagwiradi ndi manja ake. Funso loyamba likhala loti mwadziwa bwanji kuti mabriketi akuposa makala, ndiye mwana akati amayaka bwino basi wagwa pomwepo. Ayeze pa sikelo, makala ndi mabriketi kulemera kofanana, mbaula imodzi, poto mmodzi, madzi lita imodzi, awerenge maminitsi mpaka madzi awire komanso moto ukhala nthawi yaitali bwanji, abwereze katatu kapena kupitirira ndipo zonse zilembedwe mu kope ndi madeti ake olo tsiku limene zinakanika, kope lakuda ndi phulusa majaji amalikhulupirira kuposa lotayipa bwinobwino. China chomwe ambiri amakodwa nacho, kuno madzi sawira pa madigiri 100. Mzuzu ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,250, ndiye thermometer ionetsa cha m'ma 96. Mwana asakanene kuti thermometer ndi yakufa, adziwe kuti mpweya kuno supanikiza kwambiri ngati ku Nkhata Bay kunyanja.

Nyabanda_Bio:
Ine kuloweza sindikukana kwenikweni, mineti yoyamba aloweze ndithu kuti mantha achoke. Koma onse atatu azilankhula, jaji amakonda kulumpha wolongolola uja n'kufunsa wachete ali kumbuyo.

AnkoloWaLuwinga:
Ndinakhalapo jaji pa mpikisano wina wa masukulu, ndikuuzeni zomwe timaona. Mwana wonamizira yankho timamudziwa msanga, bola anene kuti izi sitinayeze koma tikanayeza motere, ameneyo amapeza mamalikisi. Pa mabriketi ine ndingafunse kuti mwamata ndi chani, ngati ndi phala la ufa wa chinangwa ndiye mwathira lochuluka bwanji ndipo sizikudula? Utuchi munayamba mwauotcha kukhala makala kapena ndi wauwisi, poti wauwisi umafuka utsi kwambiri. Auma masiku angati ndi kamvula kowaza ka mu Juni kuno? Ndipo funso la carbon monoxide, mpweya wa poizoni uja wochokera pa moto wa makala, lisawadzidzimutse, anthu amalowetsa mbaula m'nyumba kukazizira, mwana adziwe kuti briketi nalonso ndi loopsa chitseko ndi mawindo zikatsekedwa. Za Chizungu musadandaule kwambiri mayi, ayambe kufotokoza m'Chitumbuka kapena m'Chichewa mpaka mutsimikize kuti akumvetsa, Chizungu chibwere pambuyo, galamala yothyoka siichotsa mamalikisi ambiri ngati mfundo ilipo. Komanso musamawafunse nokha, akuzolowerani. Itanani mphunzitsi wa sukulu ina kapena wophunzira wa ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu) amene sakumudziwa, awadule pakati dala, ayambire kumapeto kwa posita.

MadamChibavi:
Zikomo kwambiri nonse, za 96 zija ndikawayesa nazo mawa ndione nkhope zawo kkkk. A SirPhysics, kusukulu kwanu kuli sikelo ya digito yoti tingabwereke Lachisanu? Yathu imayambira pa theka la kilo.

SirPhysics_Katoto:
Ilipo, bwerani ikamakwana 2 koloko, mutenge ndi mabatire anu a AAA.