Za origami zija: mapepala odula sindinagule

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa kuti kuyamba origami, luso la ku Japan lopinda mapepala, kumadya ndalama zingati. Ndinamvera amene munati ndisathamangire kuitanitsa mapepala apadera a origami aja, a 15 cm mbali zonse. Ndinatola mapepala a A4 otha ntchito ku ofesi, n'kumawadula kuti mbali zonse zikhale 21 cm. Ndalama inapita pa sizasi ndi bandulo yoonera mavidiyo pa YouTube basi.

Mbalame ija amati tsuru inandizunza masiku atatu, mlomo ukungopindika mokhota. Koma chule wodumpha ndiye ana akulimbirana mpaka pano. Nyuzipepala musayese, imang'ambika msanga. Pepala la A4 limauma mukalipinda kambiri, ndiye muzikanikiza mzere uliwonse ndi chikhadabo kapena kumsana kwa supuni.